Dziko lopanda mapiri limamveka bwanji pa synth? Za nyimbo za mdima ndi nthano za Adatchi

Kamphepo:
Anzanga, ndithandizeni maganizo. Masiku ano ndikumvera kwambiri chamba chija amachitcha dungeon synth, komanso dark ambient, nyimbo zodekha za mdima zopanda mawu, makamaka usiku anthu akagona. Pa Bandcamp, tsamba la pa intaneti logulitsirapo nyimbo, ndapeza oyimba a ku Netherlands amene amati nyimbo zawo zachokera ku nthano za makolo awo: azimayi oyera a m'chifunga, manda a miyala a ku Drenthe, midzi yomira m'nyanja. Zithunzi zapachikuto n'zokongola, mitu ya nyimbo ili m'Chidatchi. Koma ndikatsinzina, zambiri mwa zimene ndikumva sizikusiyana ndi za ku Norway: malipenga a nkhondo, malinga a mafumu pamwamba pa phiri, chisanu. Chikundivuta n'chakuti Netherlands ilibe mapiri. Malo okwera kwambiri kumtunda kwawo ku Ulaya ndi Vaalserberg, mamita 322 okha, ndipo pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a dzikolo ndi lotsika kuposa madzi a m'nyanja. Ndiye nyimbo yopanda mawu ingamveke bwanji kuti ndi ya dziko limenelo? Kapena Chidatchi chake chimangothera pachikuto? Ndikufunsa chifukwa ndili ndi kiyibodi yamagetsi, ija amati synth, ndipo ndikufuna kupeka zanga pa nthano zimenezi.

Mlonda_77:
Pepani achimwene, dungeon synth ndiye chiyani? Enafe timangodziwa kiyibodi ya kukwaya.

Gogo_Kaseti:
A Mlonda, kiyibodi ya kukwayayo ndi yokwanira kale. Chamba chimenechi chinabadwira m'kati mwa black metal, nyimbo za magitala aphokoso kwambiri, ya ku Norway kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990. Magulu a nthawi imeneyo ankakonda kutsegula chimbale ndi kanyimbo kakafupi ka kiyibodi magitala asanalowe. Ena anaona kuti kanyimbo kotsegulirako kangathe kukhala chimbale chathunthu. Wodziwika kwambiri ndi Mortiis, amene ankayimba besi m'gulu la Emperor, ndipo atachokamo anayamba kutulutsa za kiyibodi yokhayokha cha mu 1993. Dzina loti dungeon synth linadzafala mochedwa, cha mu 2011, anthu a pa intaneti atayamba kufukula makaseti akalewo.

Mayimbidwe ake ndi apang'onopang'ono. Kanyimbo kamodzi kamabwerezedwa kwa mphindi zambiri, pogwiritsa ntchito zitoliro, mavayolini ndi kwaya za m'kiyibodi yotchipa. Ng'oma zimakhala zochepa, pena osakhalapo n'komwe. Kaphokoso ka tepi amachita kukafuna dala. Tsono a Kamphepo musadabwe kuti mukumva Norway, chifukwa aliyense woyamba kumene amaphunzirira pa makaseti omwewo, kaya akhale Mdatchi kaya wa ku Brazil.

Chala_Chimodzi:
Ine ndikuona kuti mukufuna zosatheka. Noti ilibe dziko. Chotsani mutu ndi chithunzi, palibe amene angakuuzeni kuti uku ndi ku Drenthe. Ndipo si chinyengo ayi. Mu chamba chimenechi mutu, chikuto ndi kankhani kolembedwa m'kati mwa kaseti ndi mbali ya ntchitoyo. Woyimba amakupatsa khomo, iwe n'kulowa ndi maganizo ako.

Namadzi_Delft:
Achimwene Chala, sindikuvomereza. Ine ndili kuno ku Delft, ndikuphunzira za kasamalidwe ka madzi, ndipo ndayendako kum'mawa kwa dzikoli kumene nthano zambiri zimachokera. Mantha a kuno ndi a mtundu wina. Kudziko la mapiri choopsa chili pamwamba pako, umachiyang'ana mokweza mutu. Kuno palibe chokutchingira maso, umaona mpaka kumene thambo lakumana ndi nthaka, koma choopsacho chili pansi pa mapazi ako: dambo lomeza munthu, madzi amene akudikira kuseri kwa chipupa chotchinga nyanja, mudzi umene unalipo kale koma lero ndi matope okhaokha.

Tengani witte wieven, azimayi oyera aja. Nthano zawo n'zofala ku Drenthe, Overijssel ndi Gelderland. Amati amakhala m'mitumbira ya manda akale ndi m'maenje, ndipo amatuluka kukada n'kumavina pathengo. Ukawaputa amakuthamangitsa, ukawalemekeza n'kuwasiyira chakudya amakuthandiza. Nthano zina zimati ankaba makanda. Pafupi ndi Lochem pali dzenje limene mpaka lero limatchedwa ndi dzina lawo. Ukaima pamalo otero dzuwa litangolowa, chifunga sichitsika kuchokera kumwamba. Chimadzuka m'nthaka, timizeremizere tolekeza m'chiuno, n'kumayenda cham'mbali ngakhale mphepo isakumveka. Pamenepo sufunika munthu wokufotokozera kumene nthanoyo inachokera.

Woyimba amene wamvetsa zimenezi sangayike lipenga la mfumu. Amayala liwu limodzi lalitali pansi, losasuntha, ndipo pamwamba pake amayika mawu opyapyala awiri kapena atatu olowa mosadziwika kuti ayamba liti, osakwera kupita pachimake, ongoyenda kuchoka kukhutu lamanzere kupita kulamanja. Umenewo ndi mpangidwe wa nyimbo, si mutu wapachikuto.

Chala_Chimodzi:
Achemwali, zimene mwafotokozazo zingakhalenso Kalahari kapena nyanja ili bata. Mukumva Drenthe chifukwa munafikako.

Mphunzitsi_wa_Noti:
Pali zida ziwiri zimene zingathandize pa mkanganowu, chifukwa ndi za dzikolo ndithu. Choyamba ndi belu. Ku Netherlands ndi ku Belgium ndiye kwawo kwa carillon, mabelu ambiri opachikidwa munsanja amene munthu mmodzi amawayimba pomenya timitengo ndi nkhonya komanso kuponda ndi mapazi. M'zaka za m'ma 1640, abale awiri osula mabelu, François ndi Pieter Hemony, mothandizana ndi Jacob van Eyck, woyimba wosaona wa ku Utrecht, anapeza njira yopala belu m'kati kuti lilire pa noti yolondola. Mabelu awo oyamba otere anakawapachika ku Zutphen.

Chofunika kwa ife n'chakuti belu silitulutsa noti imodzi. M'kati mwa kulira kwake mumamvekanso ena, ndipo imodzi mwa zomveka kwambiri ili pa minor third pamwamba pa noti yaikulu, ndiye kuti mpata wonga wochokera pa D kufika pa F, umene umamveka wachisoni. N'chifukwa chake ngakhale nyimbo yachikondwerero ikayimbidwa pa mabelu imakhala ndi kachisoni kake. Mdima umene oyimba ena amavutika kuufunafuna ndi makina, belu limabadwa nawo.

Tsono onani kuchuluka kwa nthano za Adatchi zimene zimathera pa belu lolira pansi pa nthaka kapena pansi pa madzi. Ku Veluwe, m'nkhalango ya pakati pa Putten ndi Garderen, kuli dzenje lotchedwa Solse Gat. Amati panali nyumba ya amonke amene anasiya mapemphero n'kutengeka ndi maphwando, ndipo nthaka inawameza usiku umodzi pamodzi ndi nyumba yonse. Amati pakati pa usiku mabelu awo amamvekabe. Anthu ankakumbamo dongo m'dzenjemo, koma nthanoyo ndi imene inatsala m'mitu ya anthu.

Namadzi_Delft:
Aphunzitsi mwandikumbutsa Saeftinghe, ku Zeeland, m'mbali mwa Westerschelde pafupi ndi doko la Antwerp. Nthano yake imati anthu a kumeneko analemera mpaka kuyamba kudzikuza. Msodzi wina anakola muukonde mkazi wa m'nyanja, uja wa mchira wa nsomba. Mwamuna wake anachonderera kuti amubweze, iwo anakana, ndipo iye anatemberera mudziwo kuti udzamira, nsanja yokha ndi imene idzatsale. Amati kukachita chifunga mabelu amamveka pansi pa madzi.

Mbiri yake yeniyeni ndi yowawa kuposa nthanoyo. Chigumula cha mu 1570 chinawononga dera lalikulu, kenako mu 1584, pa nkhondo yolimbana ndi Spain, asilikali anaboola dala zipupa zotchinga madzi. Lero malowo amatchedwa dziko lomira la Saeftinghe, ndi dambo lalikulu la matope ndi madzi amchere, ndipo madzi amalowa ndi kutuluka kawiri pa tsiku. M'kati mwake anthu amalowamo ndi wowatsogolera, chifukwa madzi akamabwerera amathamanga.

Ndipo musaganize kuti kuno izi ndi zakale zoiwalika. Usiku wa pa 31 January kuchera pa 1 February 1953, nyanja inathyola zipupa n'kupha anthu 1,836 m'dziko muno. Ena amene anali ana nthawi imeneyo alipobe. Mdatchi akamapeka nyimbo ya mudzi womira, sakusewera ndi zidole za m'nthano.

Kamphepo:
Apa ndiye mwandipatsa poyambira. Aphunzitsi, belu lomira ndingalipange bwanji? La m'kiyibodi yanga limalira mowala kwambiri.

Mphunzitsi_wa_Noti:
Mabelu abwino amachokera ku FM, osati ya wailesi koma njira yopangira mawu pa synth imene inatchuka ndi Yamaha DX7 ya mu 1983. Simufunika kugula, pali pulogalamu yaulere ya pakompyuta yotchedwa Dexed imene imatsanzira makina amenewo. Mukapeza belu lanu, chitani izi. Dulani mawu akumwamba ndi low-pass filter, chosefa chimene chimangolola apansi kudutsa, mpaka kuwalako kutha, chifukwa liwu lodutsa m'chinthu chokhuthala limayamba kutaya akumwambawo. Fewetsani poyambira pake kuti kugunda kwa chitsulo kusamveke, kutsale kung'ung'udza kokha. Ikani kakugwedezeka kochepa kwambiri pa noti, koyenda pang'onopang'ono. Pomaliza reverb yaitali, kulira kotsalira konga kwa m'tchalitchi chachikulu, ndipo pulogalamu yake yotchedwa Valhalla Supermassive ndi yaulere. Koma musaliyimbe motsatira wotchi ya pulogalamu. Liyimbeni ndi dzanja, lizichedwa pena, lizifulumira pena, poti belu limene likukankhidwa ndi madzi silisunga nthawi.

Chida chachiwiri chija ndi midwinterhoorn, lipenga la mtengo lopindika pang'ono, lotalika kupitirira mita imodzi. Amaliomba ku Twente ndi ku Achterhoek kuyambira pa Adventi mpaka pa 6 January, kawirikawiri kukamada, ndipo mwamwambo ankaliombera pakamwa pa chitsime kuti liwu lipite kutali. Lilibe mabowo a zala, choncho limangotulutsa manoti ochepa achibadwa, ndipo ena sagwirizana ndendende ndi a pa kiyibodi. Wina akaomba pamudzi uwu, wina amayankha pamudzi uko. Achimwene Chala, limeneli munthu amene analimvapo sangalisokoneze ndi lipenga la nkhondo.

Chala_Chimodzi:
Lipengalo ndavomera. Koma onani kuti mwachita kubwereka chida chenicheni cha dzikolo. Synth payokha sinakwanitse.

Mlonda_77:
Ndifunseko zapambali. Adatchi amenewa ndi omwe aja anabweretsa mpingo ku Nkhoma?

MwanaWaMvera:
Ayi achimwene. A ku Nkhoma anali a Dutch Reformed Church ya ku Cape, ku South Africa. A.C. Murray ndi T.C.B. Vlok anayamba ku Mvera mu 1889, ku Nkhoma kunatsegulidwa mu 1896. Mizu ya mpingowo inachokeradi ku Netherlands, koma amishoniwo anali a ku South Africa.

Mayi_a_Chisomo:
Poti mwatchula za mpingo, ine ndili ndi nkhawa ndipo ndinena poyera. Mwana wanga wamkulu amamvera zimenezi ndi mahedifoni usiku wonse. Mukukamba za mizukwa, manda, matemberero. Kodi munthu wopemphera n'koyenera kudzaza mutu ndi zotere? Sindikunyoza, ndikufunsa ngati kholo.

Gogo_Kaseti:
Mayi, funso lanu ndi loyenera ndipo sindikubisirani. Kumene chambachi chinachokera kunali zoipa zenizeni. Varg Vikernes, woyimba wa ku Norway wodziwika ndi dzina loti Burzum, anagamulidwa mu 1994 kukakhala kundende zaka 21 chifukwa chopha woyimba mnzake ndi kutentha matchalitchi, ndipo ali m'ndendemo anajambula zimbale za kiyibodi zimene ena amaziwerengera m'chamba chimenechi. Ndi munthu wa tsankho la mtundu lodziwikiratu. Ine zake sindimvera.

Koma nthano za Adatchi zimene tikukamba pano, zambiri ndi zochenjeza anthu. Amonke oiwala Mulungu anamezedwa. Mudzi wodzikuza unamira. Palinso ya mayi wolemera wa ku Stavoren, ku Friesland, amene anatuma woyendetsa chombo chake kukamufunira chinthu chamtengo wapatali koposa zonse padziko. Iye anabwera ndi tirigu. Mayiyo anakwiya n'kulamula kuti tiriguyo atayidwe m'nyanja osauka akuona. Atachenjezedwa kuti adzasauka, anaponya mphete yake m'madzi n'kunena kuti adzasauka pokhapokha mpheteyo itabwerera. Inabwerera m'mimba mwa nsomba. Doko la Stavoren linakwiririkadi ndi mchenga malonda n'kutha, ndipo anthu anafotokoza tsokalo ndi nthano imeneyi. Nkhani yotere m'busa angathe kulalikirapo. Langizo langa: khalani naye pansi mwanayo, akuonetseni amene akuwamvera, muwerengere limodzi zimene oyimbawo amalemba za iwo eni.

Mzansi_Kid:
Zimene anena Gogo n'zofunika kwa ife anthu akuda makamaka. Mu chamba chimenechi alipo ena amene akamati makolo ndi nthaka amatanthauza kuti ena tonse tichoke. Si ambiri, koma alipo. Ine ndisanalipire pa Bandcamp ndimayamba ndaona zizindikiro zapachikuto, kampani imene yatulutsa kasetiyo ndi anthu amene woyimbayo amagwira nawo ntchito. Ndalama yanga isapite kwa munthu wodana nane.

Mayi_a_Chisomo:
Zikomo nonse. Ndikhala naye pansi. Koma za usiku wonsezo ndiye tikambirana ndithu.

Kamphepo:
Tibwerere ku nthano. Ina imene ndaiona pa zikuto zambiri ndi ya bokkenrijders, achifwamba okwera atonde mumlengalenga. Imeneyo ndimaifuna chifukwa ili ndi liwiro, ingalole ng'oma.

Kafukufuku:
Achimwene Kamphepo, pa imeneyo ndikupempheni muyende mosamala, chifukwa si nthano chabe. Zinachitika m'zaka za m'ma 1700 kudera limene lero ndi Limburg, kumalire a Netherlands, Belgium ndi Germany, m'malo ngati Heerlen, Valkenburg ndi Herzogenrath. Umbava unalipodi, matchalitchi ndi mafamu ankathyoledwa usiku. Koma kunafala mbiri yoti akubawo anachita pangano ndi mdyerekezi ndipo amauluka pa atonde, n'chifukwa chake amatha kuba kutali n'kubwerera kusanache. Milandu inabwera m'magawo, ina m'zaka za m'ma 1740, ina yoopsa kwambiri m'zaka za m'ma 1770. Wogwidwa ankazunzidwa mpaka avomere ndi kutchula anzake, otchulidwawo n'kuzunzidwanso mpaka atchule ena. Anthu mazanamazana ananyongedwa, ambiri a iwo osauka. Akatswiri a mbiri yakale amatsutsana mpaka lero: ena amati gulu lalikulu linalipodi, ena amati kukula kwake kunapangidwa ndi chizunzocho.

Ife nkhani yotere tikuidziwa. Kwathu amati munthu wauluka pa lichero, ndipo agogo osalakwa amenyedwa, ena kuphedwa kumene, chifukwa cha mphekesera yotero, ngakhale lamulo la mu 1911 limaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti. Ndiye ine ndikaona chikuto cha mwamuna wokwera tonde akuseka ndi mdyerekezi, ndimaona kuti woyimbayo watenga mbali ya ozunza osadziwa. Wabwereza bodza limene linapha anthu. Ngati mukufuna kupeka pa nkhani imeneyi, mdima weniweni uli m'chipinda chofunsira mafunso ndi m'nyumba ya mkazi amene akudikira kumva ngati mwamuna wake watchulidwa.

Kuti ndisawaipitse Adatchi mbali imodzi, ku Oudewater kuli nyumba ya sikelo kumene anthu onenedwa ufiti ankapita kukayezedwa. Chikhulupiriro chinali chakuti mfiti ndi yopepuka, n'chifukwa chake imauluka. Oyeza a kumeneko ankayeza moona mtima n'kupereka chikalata chosonyeza kuti munthuyo akulemera monga munthu aliyense, ndipo chikalatacho chinkamuteteza. Lero nyumbayo ndi yosungiramo zakale.

Chala_Chimodzi:
Akulu, mukulemetsa zinthu. Adatchi eni ake anaisandutsa nkhaniyi chosangalatsa. Ku Efteling, paki yawo ya nthano ku Kaatsheuvel, kuli nyumba yozungulira yotchedwa Villa Volta, yotsegulidwa mu 1996, ndipo nkhani yake ndi ya bokkenrijders omwewo. Ana amalowamo tsiku ndi tsiku. Patha zaka zoposa 200. Kodi ife ndiye tiwaletse?

Kafukufuku:
Sindikuletsa munthu. Kwa iwo zinatha, n'chifukwa chake angathe kusewera nazo. Kwa ife sizinathe. A Kamphepo akayimba, amene ayambe kumva ndi anthu akwathu.

Nachisale:
Ine ndili mbali ya a Kafukufuku. Azakhali a mayi anga anathamangitsidwa pamudzi chifukwa cha nkhani zoterezi, anakamwalirira kwa eni. Sindingamvere nyimbo yokometsera zimenezo, kaya ndi za ku Ulaya.

Kamphepo:
Pepani kwambiri achemwali Nachisale. Ya atondeyo ndaisiya. Ndikadzaibwerera ndidzaiyamba kumene anena a Kafukufuku.

Mzansi_Kid:
Koma bwanji osangopeka za Napolo kapena za mizimu ya ku Sapitwa? Zathu zilipo zambiri.

Kamphepo:
Zimenezo ndidzapanga, ndipo ndikuzilemekeza kwambiri moti sindifuna kuziyamba ndisanadziwe chida changa. Komanso za Adatchizi zandigwira mtima pazokha. Munthu saletsedwa kukonda nthano za eni.

Namadzi_Delft:
Ngati mukufuna nthano zenizeni osati zongomva kwa oyimba anzanu, Meertens Instituut ya ku Amsterdam ili ndi nkhokwe ya pa intaneti ya nthano zimene anazitolera kwa anthu wamba, ndi inanso ya nyimbo zakale za Chidatchi. Zili m'Chidatchi ndi m'zinenero za m'madera, koma ndi womasulira wa pafoni mumatha kutsatira. Mudzaona kuti zambiri ndi zazifupi kwambiri, mizere itatu inayi: wakuti anaona kamoto kakuyenda padambo usiku, anakatsatira, sanabwerere. Timoto timeneto amatitcha dwaallichten, ndipo ena ankati ndi mizimu ya ana omwalira asanabatizidwe.

Za manda a miyala munatchula poyamba paja, amatchedwa hunebedden. Alipo 54, ndipo 52 mwa iwo ali ku Drenthe. Anamangidwa zaka pafupifupi 5,000 zapitazo ndi alimi oyambirira a kuderalo, ndi miyala imene madzi oundana anaikankha kuchokera ku Scandinavia kalekale. Lalikulu kwambiri lili ku Borger, lotalika mamita oposa 22. M'dziko lopanda matanthwe, anthu ataona miyala yolemera matani ambiri itasanjikidwa anati ndi ntchito ya zimphona, ndipo ngakhale m'busa wina wophunzira, Johan Picardt wa ku Coevorden, analemba zomwezo mu 1660. Chimene chinandikhudza nditafika n'chakuti si aatali. Ambiri ali phee m'mbali mwa munda kapena pakati pa mitengo, njinga zikudutsa. Ndiye woyimba akawapatsa ng'oma zikuluzikulu ndi kwaya yofuula, ndimadziwa kuti sanaimepo pafupi nawo.

Ku Assen, mu Drents Museum, kuli mtsikana wa ku Yde. Okumba dothi loyaka la m'dambo anamupeza mu 1897. Anali wa zaka pafupifupi 16, anafa zaka pafupifupi 2,000 zapitazo, ndipo anapezeka ndi lamba waubweya m'khosi. Dambo linasunga khungu ndi tsitsi lake. Apa mpamene ndimati choopsa cha kuno chili pansi: nthaka yake imameza, koma imasunganso n'kudzabweza.

Gogo_Kaseti:
Ndiwonjezere chimodzi chimene achinyamata sachidziwa. Kaseti imene oyimba a chambachi amaikonda chonchi ndi ya Adatchi. Inatulutsidwa ndi Philips mu 1963, ndipo amene ankatsogolera ntchitoyo ndi Lou Ottens, amene anamwalira mu 2021. Ndipo ku malo ofufuzira a Philips ku Eindhoven, Dick Raaymakers ndi Tom Dissevelt ankapanga kale nyimbo za magetsi m'zaka za m'ma 1950. Ndiye Mdatchi amene akuyimba synth pa kaseti ali ndi makolo ake pa zimenezi, safunika kubwereka zonse ku Norway.

A Kamphepo, ngati muli ndi wailesi yakale ya kaseti, jambulirani nyimbo yanu pa tepi kenako muibwezere m'kompyuta. Tepi imadula yokha mawu akumwamba ndipo imagwedeza noti pang'ono. Theka la zimene anena aphunzitsi lichitika lokha.

Mlonda_77:
Ndapita kukamvera zina mwa zimenezi pafoni. Kunena zoona sindinamve kanthu, kaphokoso chabe.

Mphunzitsi_wa_Noti:
Vuto ndi sipika ya foni, achimwene, siitha kutulutsa mawu apansi kwambiri, pomwe nyimbo zimenezi zimatsamira pamenepo. Yesani ndi mahedifoni. Koma a Kamphepo phunziranipo kanthu: anthu ambiri akwathu adzamvera pafoni. Liwu lanu lapansi lija muliphatikize ndi lina lofanana nalo lokwera ndi octave imodzi kapena ziwiri, lotsika mphamvu, kuti pafoni patsale chomveka.

Chala_Chimodzi:
Ine maganizo anga sanasinthe kwenikweni, koma tiyeni tiyese m'malo mokangana. A Kamphepo apange nyimbo ziwiri, ina ya Saeftinghe, ina ya phiri lililonse limene angafune. Aziyike pano popanda mutu, popanda chithunzi. Amene sanawerenge zokambiranazi, monga mwana wa Mayi a Chisomo, amvere n'kunena zimene akuona m'maganizo. Akatchula madzi kapena dambo pa yoyambayo, ndidzavomera pagulu pano kuti achemwali Namadzi ananena zoona. Koma musayikemo phokoso la madzi lojambulidwa, kumeneko ndi kumuuza yankho.

Namadzi_Delft:
Ndavomera, koma belu likhalemo. Ndipo a Kamphepo, ganizirani za kayendedwe ka madzi a ku Saeftinghe pokonza mpangidwe wake. Amalowa m'timifuleni mwakachetechete, amadzaza, amaima kanthawi kochepa, kenako amatuluka. Nyimbo ingathe kuyenda chimodzimodzi: filter izitseguka pang'onopang'ono mpaka pakati, belu limveke bwino kamodzi kokha pamenepo, kenako zonse zizitsekeka.

Mayi_a_Chisomo:
Mwanayo ndamuuza, wavomera kumvera. Akuti nayenso amafuna kuphunzira kupanga, ndiye aphunzitsi mudzatithandize.

Kamphepo:
Mpikisanowo ndaulandira. Ndigwiritsa ntchito pulogalamu yopekera nyimbo ya LMMS ndi Dexed, ndipo kaseti ndibwereka kwa malume. Aphunzitsi, funso lomaliza: ndiyimbe mu kiyi yanji, ndipo italike bwanji?

Mphunzitsi_wa_Noti:
Yambani ndi D Dorian, ndiye kuti makiyi oyera okhaokha kuyambira pa D. Nyimbo zambiri zakale za ku Ulaya zimayenda mmenemo, ndipo ili ndi chisoni chosalemera kwambiri. Dzanja lamanzere ligwire D ndi A osasiya. Belu likhale pa D, poti kale lili ndi F m'kati mwake, ndipo mupewe F sharp paliponse chifukwa idzalimbana nalo. Kutalika, musapitirire mphindi 8 pa ulendo woyamba, anthu bandulo ndi yodula. Mukatumiza ikhale MP3, koma musunge WAV yanu, fayilo yosapanikizidwa, kuti tidzathe kukonza ngati besi yachuluka. Mayi a Chisomo, mnyamatayo ayambe ndi zomwezi, kiyibodi iliyonse ikwana.